Pachipata Amatseka Osawerenga Anthu

Mayi Glenda Sizemore anafika m'tauni mwathu dzuwa litalowa kale. Nkhaniyi ndinaimva kwa azakhali anga a Rhonda, amene amagwira ntchito mu lesitilanti ya pamlatho, ndipo iwo sanama kawirikawiri.

Mwana wa mayiwa anagulitsa nyumba yawo n'kuwagulira galimoto yogonamo, yakutha, ati azikaona dziko. Dziko lake liti? Chakumbuyo m'galimotomo munagona amuna awo, a Dewey, timapaipi tili m'mphuno. Makina awo opumira amafuna magetsi, ndipo batire linali litayamba kale kulira.

Mwatsoka, sabata imeneyo kunali mpikisano wowedza milamba mumtsinje wa Mississippi, ndiye makampu onse oimikamo galimoto zotere anali thothotho. Pakampu ya pamtunda anapeza Brent, mwini wake.

"Tadzaza, mayi. Mukanaimba foni mwezi watha."

"Sindikufuna malo, bambo. Pongobaya chingwe cha magetsi basi. Amuna anga akubanika."

"Kuno si kuchipatala."

Brent ameneyu amaimba kwaya Lamulungu lililonse, maso ali tsinzinu. Ndangonenako.

Pomwetsera mafuta wina anawauza kuti kuseri kwa khoma lotchinga madzi kuli kakampu kakale. Poopa kulowetsa chigalimoto pamalo posatembenukika, mayiwo anachisiya pompo n'kuyamba wapansi kukaona kaye.

Anadutsa pachipata chachitsulo cha khomalo. Magetsi a m'tauni anatsalira kumbuyo. Kunkanunkha matope. Achule ankalira mbali zonse, ndipo m'udzu munali mizati ya masoketi a magetsi itandandalikidwa. Pakona panali kalavani yopanda mawindo, matope ouma atafika mpaka kudenga.

Achule aja anangoti zii.

Kenako tho... tho... tho...

Pakhomo pa kalavaniyo panali mkulu wina atakhala pampando, atavala chipewa cha woyang'anira kampu. Madzi ankadontha kuchokera m'malaya mwake.

"Mukufuna malo, mayi?"

"Magetsi alipo?"

"Alipo. Koma musagone mbali ino ya khoma. Madzi akamabwera, pachipatapo amatseka osawerenga anthu."

"Komatu mvula kulibe."

"Yagwa kumtunda." Mkuluyo sankaphethira. "Kwerani kumanda. Kuseri kwa kanyumba kosungiramo makina otchetchera kapinga kuli soketi. Anzanga a kumeneko sadandaula."

Mayi Glenda anacheukira kuphiri kumene ankalozako. Pobweza maso kuti athokoze... mpando unali wokha. Pansi pake chithaphwi. Pamatope panalibe mapazi ena koma awo okha.

Anatembenuka. Anayamba kuyenda. Tho... kumbuyo kwawo. Anafulumira. Tho... tho... Nsapato imodzi inatsala m'matope, osaibwerera. Liwiro mpaka pachipata!

Kumandako anapitabe ndi galimoto ija, nanga akanatani, munthu akutha mpweya? Soketi anaipeza ndi tochi, pafupi ndi mwala wina wa pamanda wopendekeka. Atabaya chingwe, makina anayamba kung'ung'udza, a Dewey n'kugona ngati khanda. Mayiwo anachezera usiku wonse, zitseko zili zokhoma.

M'mawa poyang'ana kumunsi, chipata chinali chotseka, kakampu kaja katamira. Kunkangooneka mitu ya mizati.

Kenako kunabwera wapolisi. Wina anali ataimba foni kuti kumanda kuli anthu akuba magetsi. Sinditchula dzina, koma nyumba yoyang'anana ndi mandawo ndi ya apongozi a Brent. Wapolisiyo anauza Mayi Glenda kuti achoke m'tauni nthawi yomweyo.

Potuluka m'tauni, mayiwo anaima pa lesitilanti ija kugula khofi, phazi lina lili ndi nsapato ya amuna awo.

"Achemwali," anatero kwa azakhali, "mukandithokozereko bambo woyang'anira kampu ya kumtsinje. Wamtali, wachipewa chobiriwira, wa chipsera pachibwano."

Mafoloko onse anaima. Nkhalamba zomwe zimakhala patebulo ya pawindo tsiku ndi tsiku zinayang'ana m'mbale.

"Amenewo ndi a Orval Kimbrell," azakhali anatero chapansipansi. "Anamira pa chigumula chachikulu chija, zaka zambiri zapitazo. Anabwerera kukadzutsa anthu m'makalavani. Onse anatuluka, koma iwo pofika anapeza chipata atatseka. Mwala wopendekeka wa pafupi ndi kanyumba ka kumanda ndi wawo."

"Anatseka ndani?"

Azakhali anangopukuta tebulo youma kale. Nkhalamba imodzi ya pawindo inatsokomola n'kuitanitsa shuga.

Mayi Glenda anayang'ana nkhalambazo nthawi yaitali, n'kunyamula khofi wawo.

"Ndiye kuti m'tauni monse muno munali munthu mmodzi yekha," anatero, "ndipo munamukwirira."

Sabata yotsatira, soketi ija anaiikira loko.