Wachulukitsa Kumanzere

Anakumana mu labu ya makompyuta pakoleji. Mnyamatayo ankadzitcha Pulofesa, ngakhale kosi ya masamu ankaibwereza kachiwiri. Anali atayang'anitsitsa sikirini yakuda yolembapo malamulo, tayi ili m'khosi, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, pulogalamuyi ndi yakufa," anatero.

Mtsikana amene anzake ankamutcha Magalasi anasendeza mpando.

"Si yakufa. Ili ndi tebulo la manambala, matirikisi. Lachiwirili ndi losinthanitsa malo. Mukalichulukitsa kumanja, limasinthanitsa mizere yotsika. Kumanzere, limasinthanitsa yopingasa. Musasokoneze."

"Ndimadziwa kale," anayankha Pulofesa. "Koma bwerezani, mawu anu ndi okoma."

Basi, Magalasi anagwa m'chikondi chamutu.

M'mawa uliwonse foni yake inkalira ndi uthenga wa Pulofesa. "Njiwa yanga, popanda iwe ndine ziro." Tsiku lina: "Ndidzakukwatira, ndalumbira!" Ankawerenga mpaka batire kutha. Mayi ake aang'ono anali atauzidwa kale kuti ayambe kuyang'ana nsalu ya ukwati.

Kenako kunabwera uwu: "Mpata wa mano akowo ukundisowetsa tulo."

Anathamangira pagalasi. Mpata uti? Mano ake anali othithikana ngati chimanga pachitsononkho! Mawa lake: "Ndasowa kafungo ka mankhwala pa yunifolomu yako." Yunifolomu yake iti?

Anamupeza mu labu momwemo. Pasikirini panali matirikisi: mizere inayi yopingasa, uliwonse mtsikana wake, yotsika masiku a sabata, ndipo nambala iliyonse inkaimira uthenga. Sabata ikatha, Pulofesa ankasinthanitsa masikuwo kuti aliyense aziona ngati mawu ndi atsopano.

"Wachulukitsa kumanzere," anatero Magalasi. "Wasinthanitsa ife m'malo mwa masiku."

"Ohoo!" Pulofesa anapuma ngati watula katundu. "N'chifukwa chake namwino uja wakwiya."

Magalasi anamugwira malaya. Misozi inali itadzaza magalasi ake moti sankamuonanso bwino.

"Ndinamize, chonde! Nena kuti ndi homuweki, ndikhulupirira! Ndinakuphunzitsa ndekha zimenezi, ungandiphe ndi mpeni wanga womwe?"

"Njiwa yanga, usafuule. Anthu amandipatsa ulemu muno."

"Chabwino. Enawo sindifunsa. Ungondiuza kuti mzere woyamba ndi wanga, ndipita ndi kameneko."

Pulofesa anakonza tayi. Munthu wophunzira sayankha asanatsimikize, choncho anatembenukira kusikirini n'kutsata mizere ndi chala.

"Unali wako," anatero, "ndisanachulukitse."