Chitseko cha Mbawa ya ku Lisungwi

Amuna anga, a Sosten, ndi kalipentala, ndipo makutu awo ndi ongokongoletsa mutu. Ndinawauza kuti mbawa ya m'mbali mwa Lisungwi aisiye. Mizu yake ndiyo inkagwira gombe, ndipo madzi akasefukira ankasiya mzere wa matope pathunthu pake, ife n'kumaonerapo pomwe mtsinje walekezera. Iwo anaigwetsa, n'kupanga chitseko cha nyumba yathu.

Tsiku lomwe anachiika, titangomaliza kudya madzulo, tinamva kugogoda. Sikunali kwa munthu. Kunali kwa m'munsi, gu! Kenako zii. Kenako gu! ngati chipika chokokoloka chikugunda mtengo.

"Ndi mbuzi," anatero a Sosten, n'kufunda bulangete mpaka kumutu. Mbuzi zathu tinagulitsa chaka chatha.

M'mawa ndinapeza mzere wa matope pachitseko, cha mu akakolo. Wonyowa. Munali mu Okutobala, kunja kuli fumbi lokhalokha. Ndinapukuta ndikunyinyirika. Mawa lake unali m'mawondo, tiudzu ndi nkhuyu zowola zitamatirira. Tsiku lachitatu mwana wathu Ethel, wa zaka zinayi, anaima pachitsekopo, mzere uli pamwamba pa mutu wake. Apo ndinapsa mtima kuposa kuopa.

"Bambo a Ethel, chichoke chitseko, apo ayi ndichoka ine ndi mwanayu."

"Mayi, matabwa aawisi amatuluka thukuta basi."

"Thukuta lokhala ndi nkhanu?" Ndinawaonetsa kankhanu kakuyenda pathabwa.

Kutayamba kuda anachisenza, akung'ung'udza, kukachitaya pachitsa cha mbawa ija. Pakhomo tinatchinga mphasa. Usiku umenewo sikunamveke kanthu, iwo mpaka kuliza mkonono.

M'bandakucha fungo la dambo linandidzutsa. Ndinaunika ndi foni. Pansi pouma. Mabulangete ouma. Koma a Sosten, ali m'tulo, mzere wa matope utawadutsa m'chiuno, wowongoka bwinobwino.

A Constance, oyandikana nafe, anandinong'oneza pamjigo: "Mtsinje unazolowera polekezera. Mwauchotsera, eti? Wapeza pena."

Ndadzala mbande zisanu za mbawa kuzungulira chitsa chija, ndipo ndikuthirira ndekha, eni mlandu akuti msana ukuwawa. Koma mbawa sikula pa sabata imodzi, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Nsambe.

Lero mzere wawafika pakhosi a Sosten. Akusamba kuseriku, akuti ndi thukuta.