Khasu Lachinayi Pabwinja la ku Ludzi

Zimene ndikulemba apa ndinaziona ndi maso angawa, ndipo sunali usiku ayi, dzuwa linali likuswa mtengo. Mowa sindimwa. A Cyprian, amene amakonza njinga pamsewu wa ku Ludzi, analipo ndipo akadali moyo. Mukhoza kukawafunsa.

Mlongo wanga Stelia ndi amuna ake a Fanuel anakhala zaka khumi ndi ziwiri ali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuno ku Mchinji. Mu 2021 anapeza malo awoawo chakumtunda kwa Ludzi, maekala awiri ndi kanyumba ka zidina zosawotcha. Linali bwinja. Mwini wake anamwalira kale, ana ake analowera ku Chipata osabweranso. Stelia anandiimbira foni akuseka ngati mwana. "Achimwene, tsopano thukuta langa ndizidyerera ndekha."

Okutobala atafika anayamba kusosa. Anadula zitsamba zaminga, anagwetsa chigafa chakale chimene chiswe chinali chitadya, anawunjika tsekera ndi mapesi n'kutentha. Patatha milungu iwiri mundawo unayera, anayamba kugalauza. Ine ndimamata matayala kuboda, ndiye Loweruka lina ndinakwera njinga kukawathandiza.

Ndinapeza alamu anga atakhala pachiputu, maso ofiira, khasu lili pansi.

"Alamu, bwerani muwerenge mizere iyi," anatero.

Ndinawerenga. Inali makumi atatu ndi inayi.

"Dzulo tinasiyira pa makumi atatu. Ndinazika kamtengo apo."

Kamtengo kanalipodi, ndipo kutsogolo kwake kunali mizere inayi yatsopano. Ndinawaseka kuti kapena ali ndi anansi achifundo. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti ndigwire dothilo. Munda wonse unali wouma gwa, fumbi lokhalokha, mvula inali isanagwe ndi kadontho komwe. Koma dothi la mizere inayiyo linali lonyowa, lozizira, lomatirira m'zala. Linkanunkha ngati mvula yoyamba.

Chinanso, mizereyo sinatsate inzake. Inapindika pang'ono, kuloza kunyumba.

Tinalima atatu mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenaka tinakakhala pansi pa mtengo wa mango. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Stelia anabweretsa thobwa, koma iye sanakhale pansi. Ankangoyendayenda, kuyang'ana kumunda, kupukuta manja pachitenje, kuyang'ananso.

Mwadzidzidzi nyenje zonse zinaleka.

Ndiye tinamva. Khu. Khu. Khu.

Linali khasu, ndipo wolimayo anali wodziwa ntchito, wosafulumira, wosapumira. Ndinayang'ana makasu athu. Onse atatu anali atatsamira mtengo. Kumunda kunalibe munthu, ngakhale mbuzi. Koma kumapeto kwa mzere womaliza kafumbi kankadzuka, kugwa, kudzukanso, kumasendera.

"Lero akwana masiku asanu zikuchitika izi," a Fanuel ananong'ona.

Ndinathamanga kukaitana a Cyprian chifukwa ndiwo anali oyandikana nawo, ndiponso anabadwira komweko. Anabwera ndi sipanala m'manja. Anaima m'mphepete mwa munda, anamvetsera, kenaka anavula chipewa.

"Mayi Tabeth, eni ake a malo ano, ankalima okha munda uno," anatero motsitsa mawu. "Anawapeza atagwa pakati pa mzere, masana ngati ano. Khasu lili m'manja."

"Ndiye akufuna chiyani?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Koma iwo mizere yawo sinkapindika chonchi."

Titatembenuka, Stelia panalibe. Tinamuona ali kale pakati pa munda, atawerama, akulima. Khasu lake likagunda, linalo linkayankha pambali pake. Khu, khu. Khu, khu. Ngati anthu awiri amene analimira limodzi moyo wawo wonse.

"Amake Tiyanjane!" a Fanuel anaitana. "Tabwerani kuno!"

Sanadzutse mutu. "Akuti tifulumire," anayankha. "Akuti nthawi yatha."

"Akutero ndani?"

Tinachita kumulanda khasulo anthu awiri. Mpini unali wotentha ngati wachoka pamoto. Nthawi yomweyo nyenje zinayambanso kulira.

Ndinawauza alamu kuti amutenge apite naye kwa mayi athu ku Kamwendo. Stelia anakana kwamtuwagalu. Anati zaka khumi ndi ziwiri analimira anthu ena, ndiye lero achoke pamalo ake chifukwa cha phokoso? Anthu a mphakati wa kutchalitchi anabwera Lamulungu, anapemphera, anawaza madzi odalitsa m'ngodya zonse za munda. Lolemba mizere inawonjezekanso inayi.

Ine sindinabwerere kuboda. Ndinkagona pakhonde, koma usiku kunalibe chilichonse. Zonse zinkachitika masana. Lachiwiri mizere inatuluka m'munda n'kudutsa pamene panali chigafa. Lachitatu inalowa pabwalo, pamene Stelia anali atasesa m'mawa womwewo. Nkhuku zinasiya kuponda pamenepo, zinkazungulira. Stelia anasiya kudya. Ukamuyankhula ankayankha bwinobwino, koma manja ake sankakhazikika, ankangogwira mpini umene panalibe.

Lachinayi tinabisa makasu onse kwa a Cyprian. Mwana wawo Tiyanjane tinamutumiza kusukulu n'kumuuza kuti akaweruka akadikire komweko. Stelia anati mutu ukumuwawa, anakagona kuchipinda. Ine, alamu ndi a Cyprian tinakhala pakhonde, misana itatsamira chitseko.

Dzuwa linakwera. Mphepo inaima. Nyenje zinaleka.

Tinayang'ana pabwalo. Panalibe fumbi.

Khu.

Linachokera kumbuyo kwathu. M'nyumba.

Khu. Khu.

Fungo la mvula linatulukira pansi pa chitseko.

"Tsegulani," a Cyprian ananong'ona.

Chitseko chinakana. Sichinali chokhoma. A Fanuel anachimenya ndi phewa kawiri, kachitatu chinathyoka. Pabalaza panali bwinobwino. Tinalowa kuchipinda.

Stelia anali gone pamphasa chagada, maso ali tong'o, akuyang'ana kudenga. Pambali pake, pansi pozira bwino paja panali patakumbidwa. Panali mzere umodzi, wonyowa, wosalazidwa mosamala ndi khasu. Unali waufupi. Unayambira pamene panali mutu wake, unathera pamene panali mapazi ake.

"Akuti watsala umodzi," Stelia anatero. Mawu ake anali abwinobwino, ngati akunena za mchere.

A Fanuel anamunyamula ngati mwana mpaka kumsewu. Tinamukweza pa njinga yamoto, tinadzera kusukulu kukatenga Tiyanjane, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali ku Kamwendo. Katundu anakatenga a Cyprian ndi ngolo m'mawa mwake, m'mamawa ndithu, ndipo akuti kuchipindako sanayang'aneko.

Stelia anagona masiku atatu. Atadzuka anapempha phala, ndipo za mizere sankakumbukira chilichonse. Analira atamva kuti malo aja awasiya. A Fanuel anabwerera ku utenanti. Stelia amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo kuyambira tsiku lija sanagwireponso khasu, amuna ake analetsa.

Chaka chatha mu Okutobala ndinamupeza pabenchi pake masana, akulephera kumanga pepala la kasitomala. Ndinamugwira dzanja n'kulitembenuza. M'zikhato monse munali matuza atsopano, ena ataphulika kale, ndipo m'zikhadabo munali dothi lonyowa.

"Zimatero chaka chilichonse, achimwene," anatero, akubisa manja m'chitenje. "Mvula ikagwa zimapola. Musawauze abambo ake a Tiyanjane."