Kumene Maso a Mwandida Ankayang'ana

Kunali kozizira m'mawa umenewo. Mphepo ya mwezi wa Juni inkatsika kuchokera ku phiri la Mphangwe n'kumaulutsa fumbi ndi makoko a mtedza pa siteshoni ya minibasi ya Katete. Dzuwa linali litatuluka, koma linali lisanayambe kufunditsa munthu.

Wilfred anaima pafupi ndi mtengo wa magetsi, kamera ya kukoleji ili pakhosi. Anali mnyamata wa ku Vubwi amene ankaphunzira ku Chipata luso lokonza zithunzi, zikwangwani ndi zizindikiro za malonda. Pa tchuthi chimenecho mphunzitsi wawo, Mayi Hilda, anauza ophunzira kuti aliyense ajambule nkhope za anthu a pamalo amodzi. Iye anasankha Katete chifukwa azakhali ake ankakhala kumeneko.

Vuto linali limodzi. Munthu wosamudziwa umamuyamba bwanji kuti umujambule?

"Imwe achimwene, kamera imeneyo ndi mkanda?"

Anatembenuka. Wolankhulayo anali mtsikana wamtali, wovala juzi yobiriwira, atanyamula thumba lodzaza ndi tsitsi la m'mapaketi.

"Ayi, ndi yojambulira," anayankha Wilfred akuyang'ana pansi.

"Nanga mudikira ndani? Ine ndabwera kale. Koma osati pano, tiyeni apo."

Anamugwira mkono ngati anadziwana kalekale, n'kupita naye m'mphepete mwa msewu, pakhoma la sitolo ina lopakidwa utoto wabuluu. Wilfred anachita chidwi. Khomalo linali losalala, ndipo juzi yobiriwira inkaoneka bwino pamenepo. Anaganiza kuti mtsikanayu ali ndi diso la luso ngakhale sanalowepo m'kalasi.

Dzina lake anali Mwandida. Kwawo kunali ku Sinda, kumene ankaluka anthu tsitsi, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ku Katete kudzagula katundu wa ntchito yake. Asanakwere minibasi anatenga foni ya Wilfred n'kulembamo nambala yake yekha.

Madzulo uthenga unafika: "Wojambula wanga wamanyazi, wafika bwino? Loweruka pakhoma lathu lija. Usachedwe."

Khoma lathu! Wilfred anawerenga mawu awiriwo mpaka azakhali ake anamufunsa ngati foniyo inali ndi ndiwo.

Kuyambira pamenepo, Loweruka linasanduka tsiku lokhalo lokhala ndi dzina. Ankakumana pakhoma labuluu lija. Mwandida ankamukonza kolala, kumupukuta fumbi paphewa, kumudyetsa chinangwa chokazinga ndi dzanja lake anthu akuona. Ankamutchula kuti "Wilu wanga", nthawi zina "wapamtima", ndipo ankatchula mokweza moti amayi ogulitsa nthochi ankagwedezana m'nthiti.

Tsiku lina Wilfred anapempha kuti apite pamalo ena opanda phokoso, mwina kumbuyo kwa msika, kuti akacheze bwino. Mwandida anakana.

"Chikondi chobisala ine sindichifuna. Anthu aone. Kapena uchita nane manyazi?"

"Manyazi ndi iwe? Ine ndimachita manyazi ndi ine mwini."

Mtsikanayo anaseka, n'kutsamira mutu paphewa pake. "Ine ndi iwe mpaka tsitsi litayera, Wilu. Ndipo loyeralo ndidzakuluka ndekha."

Kodi mnyamata amene sanasankhidwepo ndi munthu pagulu akanafunanso chiyani? Mtima wake unadzaza.

Komabe Wilfred anali munthu woona zinthu, ndipo panali tina timene tinkamudabwitsa. Akamamuperekeza ku minibasi, atangochoka pakhoma paja, mawu a Mwandida ankatsika. Mayina okoma ankatha, maso ankapita pafoni. Atapempha kuti adzamuyendere ku Sinda, anayankhidwa kuti bambo ake ndi mkulu wa mpingo ndipo safuna alendo achimuna pakhomo. Wilfred anamvetsa. Anadziuza kuti mtsikanayo amatopa ndi ulendo, ndipo bambo wolemekezeka amafunika kumufikira mwa mwambo.

Choncho anachita za mwambo. Tchuthi chisanathe anaimbira foni amayi ake ku Vubwi n'kuwauza kuti wapeza munthu, ndipo akatseka sukulu adzabwera naye kuti adzamuone. Amayiwo analuluta pafoni pomwepo. Tsiku lotsatira anali atauza kale amalume a Wilfred kuti ayambe kukonzekera ulendo wa ku Sinda.

Atabwerera ku Chipata, Wilfred anasankha zithunzi za ntchito yake. Anali ndi nkhope za ogulitsa, za makondakitala, za mayi wina wokazinga mbatata, koma zambiri zinali za Mwandida. Anazikonza pakompyuta monga anaphunzitsidwa. M'kalasi ankawauza kuti chilichonse chosokoneza diso chichotsedwe, choncho anadula m'mbali monse: mawaya a magetsi, zinyalala, mawilo a njinga, anthu odutsa. Panatsala nkhope yokongola ndi khoma labuluu basi.

Tsiku loonetsa ntchito, ophunzira anapachika zithunzi zawo pakhoma la kalasi. Mayi Hilda anapatsa aliyense rula ndi bolopeni yofiira.

Anafotokoza kuti diso la woona limatsatira diso la munthu wa pachithunzi. Munthu wa pachikwangwani akayang'ana botolo, wodutsa pamsewu nayenso amayang'ana botolo. Anawauza kuti pachithunzi chilichonse alembe mzere kuchokera m'maso mwa wojambulidwayo kukafika pamene akuyang'ana.

Wilfred anayamba ndi kondakitala. Ameneyo ankayang'ana mu kamera, mzere sunafunike. Mayi wa mbatata ankayang'ana mphika wake. Kenako anafika pa Mwandida.

Mzere woyamba unapendekera kumanzere n'kutuluka papepala. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi, onse! Ngakhale pachithunzi chimene anadzijambula ali awiri, mutu wa Mwandida uli paphewa pake, mzere unadutsa pafupi ndi khutu lake n'kupita kumanzere komweko.

Duncan, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, anasuzumira. "Amwene, kumanzereko kuli chiyani? Alamu athu anaona nyama yowotcha?"

Kalasi yonse inaseka. Mayi Hilda sanaseke. Anayandikira, n'kukweza magalasi awo.

"Kuwala mwakugwira bwino, Wilfred. Koma mtsikanayu sakulankhula ndi kamera yanu. Pali chimene akulankhula nacho, ndipo inu mwachidula. Mwatipatsa theka la nkhani."

Kenako anatembenukira kwa onse n'kubwereza zimene ankakonda kunena, kuti chithunzi chilichonse chili ndi munthu amene chikumufuna, ndipo chikwangwani chabwino ndi chimene chachititsa munthuyo kuchitapo kanthu.

Wilfred sanapse mtima. Anangofuna kudziwa. Kodi kumanzere kwa khoma lija kunali chiyani? Iye anaimapo kambirimbiri, koma maso ake sanachokepo pa Mwandida.

Masana omwewo, anzake atapita kukadya, anatsala m'chipinda cha makompyuta n'kutsegula zithunzi zoyamba, zosadula zija. Zinyalala zinabwerera, mawaya anabwerera. Kumanzere kunaoneka mzere wa njinga zamoto zonyamula anthu, zitaimikidwa pansi pa mtengo. Pa njinga ina panali mnyamata wojintcha, wovala jekete yachikasu.

Anatsegula chithunzi cha Loweruka lina. Jekete yachikasu inalipo. Cha Loweruka linanso, inalipo. Anakulitsa nkhope ya mnyamatayo mpaka inayamba kusweka timabokosi. Anzake onse ankayang'ana kumsewu kufuna okwera. Iye yekha ankayang'ana kukhoma.

Wilfred anasindikiza chithunzi chimodzi chathunthu, chija cha awiri. Anaika rula n'kulemba ndi bolopeni yofiira ija. Mzere wochokera kwa Mwandida ndi wochokera kwa mnyamatayo unali umodzi, ndipo iye mwini anali pambali pake, akumwetulira mu kamera.

Foni inalira. "Wapamtima, ndakusowa. Udzabwera liti?"

Anauyang'ana uthengawo nthawi yaitali. Kodi mawu nawonso angalembedwe mzere, kuti munthu aone kumene akupita?

Lachisanu anakwera minibasi ya ku Katete osauza Mwandida. Atatsika anapita pansi pa mtengo uja. Anyamata a njinga anamuthamangira, koma iye analoza wa jekete yachikasu n'kunena kuti akufuna kupita ku Mkaika. Analibe chokachita kumeneko. Anangotchula malo oti ulendo utalike.

Atasiya tauni, mnyamatayo anachepetsa liwiro n'kulankhula osatembenuka.

"Ndimwe akamera aja, eti? Ine ndine Gervazio."

"Mumandidziwa?"

"Bosi, ndingalephere kukudziwani? Loweruka lililonse munali kutsogolo kwanga ngati filimu." Anaseka. "Poyamba ndinafuna kukumenyani. Koma nditaona mmene mumanjenjemerera akakugwirani dzanja, ndinati awe, awa sadziwa kalikonse."

Wilfred anagwiritsitsa chitsulo cha kumbuyo kwa mpando. Anafunsa kuti Mwandida ndi ndani wake.

Gervazio anafotokoza mosabisa, ngati munthu wokamba za mitengo ya feteleza. Iye ndi Mwandida anakondana kuyambira ali kusukulu. Mtsikanayo ankafuna kuti atumize ankhoswe, koma iye ankazengereza, akumati adikire amalize kumanga nyumba. Anakangana, ndipo Mwandida anamuuza kuti adzaona ndi maso ake kuti alipo amuna ophunzira amene angamutenge mawa lomwe. Gervazio anayesa kulimba mtima. Anapirira chinangwa chija, anapirira kolala ija. Koma tsiku limene anaona mutu wa Mwandida paphewa la munthu wina, sanathe kunyamulanso wokwera aliyense.

"Manje zinthu zili bwino. Amalume anga anapita ku Sinda sabata yatha, ndipo anawalandira. Simunauzidwe?"

"Sindinauzidwe."

Njinga inapitiriza ulendo. M'mbali mwa msewu anthu ankathyola thonje lomaliza.

"Pepani, bosi," anatero Gervazio mawu atatsika. "Ine ndinkayesa mwina munapangana."

Ku Mkaika Wilfred anatsika n'kuima pamphambano mpaka phokoso la njingayo linazimiririka. Mawu a Mayi Hilda anamubwerera. Uthenga unali womveka, unaikidwa pamalo oyenera, ndipo Gervazio, amene unkamufuna, anachitapo kanthu. Ikanakhala ntchito ya m'kalasi, Mwandida akanapambana onse. Nanga iye anali chiyani pa ntchitoyo? Ndipo amayi ake, amene analuluta pafoni, akawauza kuti chiyani?

Komabe mumtima munatsala kafunso kamodzi kamene kanakana kufa. Mwina zinayamba ngati sewero, koma kodi munthu angatchule mnzake wapamtima milungu yonseyo popanda tsiku limodzi loona?

Analemba uthenga: "Ndili ku Katete. Ndikufuna tionane mawa."

Yankho linachedwa. "Bwera ku Sinda. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli benchi. Kulibe anthu."

M'mawa mwake anaipeza benchiyo pansi pa mtengo wa mango. Kunalidi zii. Mwandida anabwera atavala chitenje ndi duku, n'kukhala kumapeto kwa benchi, manja ali pamiyendo. Sanamukonze kolala.

"Wilfred," anatero.

Aka kanali koyamba kumva dzina lake lonse pakamwa pake.

Wilfred anatulutsa chithunzi chija m'chikwama n'kumupatsa. Mwandida anachilandira ndi manja awiri. Anayendetsa chala pamzere wofiira, kuchokera m'maso mwake mpaka pa jekete yachikasu, kenako anabweza chalacho pang'onopang'ono.

Sanakane chilichonse. Anati sanafune kumupweteka. Tsiku lija anangoona mnyamata wooneka bwino, wa kamera, ataima yekha, ndipo maganizowo anamubwerera pomwepo. Ankayesa kuti zikhala za Loweruka limodzi. Ankayesanso kuti mnyamata wa kukoleji ali ndi atsikana ambiri ku Chipata, ndipo akabwerera adzamuiwala. Anakonza zoti amuuze, koma nthawi iliyonse akatenga foni, zala zinkalemba zina.

"Ndinauza amayi," anatero Wilfred. "Amalume akukonzeka kubwera kuno."

Mwandida anaika dzanja pakamwa. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo maso amenewo tsopano anali pa iye, osapendekera kwina kulikonse.

"Sindinabwere kudzakangana nawe," anapitiriza Wilfred motsitsa mawu. "Gervazio ndamuona, ndipo amakukonda. Ndingofuna kudziwa chinthu chimodzi, kenako ndipita. Pa masiku onse aja, kodi linalipo limodzi limene linali langa?"

Mphepo inagwedeza masamba a mango. Kutali mwana wina ankaitana mbuzi.

Mwandida anapukuta misozi. Anayang'ananso chithunzicho, osati pamzere, koma pankhope ya mnyamata womwetulira mu kamera. Kenako anachiika pabenchi chozondotsa. Mphepo itayamba kuchinyamula, anawerama, n'kutola kamwala, n'kukaika pamwamba pake mosamala.

Anaimirira, n'kumanga bwino chitenje chake. Analowa kanjira kodutsa pakati pa mapesi a chimanga, ndipo Wilfred anamuyang'ana mpaka duku lake linabisika kuseri kwa nkhokwe za m'mudzi.