Chidole Chopanda Mutu

Kabatani ankatsuka makapu. Anali masana, koma kunja kunali mdima wa mvula. Amayi ake, omwe anali telala, anali atapita kusikelo. Anali oyembekezera.

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka. Analowa azakhali, akupuma wefuwefu.

"Kabatani, siya makapuwo! Amayi ako awagoneka kuchipatala. Mwana wafulumira."

Kapu inamupulumuka, n'kugwera m'madzi.

Azakhali anamupukuta manja ndi nsalu yawo. "Usalire, mwanawe. Ine ndikukafuna galimoto. Iwe kwera ukatenge chikwama cha zovala za mwana. Chili m'chipinda chosokera, pamwamba. Fulumira, mwanayo alibe chofunda."

Azakhali anatuluka. M'nyumba munangoti zii.

Kabatani anayang'ana masitepe. Iye ankaopa chipinda chosokera. M'menemo munali chidole chachikulu. Chinalibe mutu. Chinalibe manja. Amayi ankayezerapo madiresi. Akamaliza, ankachifunditsa nsalu yoyera.

Masiku apitawo, achemwali ake anamunong'oneza kuti, "Usamakwereko wekha, iwe. Chidole chija chimapuma. Chikufuna mutu wa mwana."

Lero achemwaliwo anali kusukulu. Abambo anali kuchipatala. Wokatenga chikwama panalibenso. Anatsala Kabatani yekha.

Anaponda sitepe yoyamba. Inalira kwii.

Anaponda yachiwiri. Inaliranso kwii.

Pamwamba, chitseko chinali chotseguka pang'ono. Kabatani anasuzumira. Makina osokera anali phee. Sizasi inali yasa patebulo. Chidole chinaima pakona, chitafunda nsalu yake yoyera. Chikwama chinali pomwepo, m'munsi mwa chidolecho.

Kenako nsalu ija inagwedera.

Zenera linali lotseka. Mphepo munalibe. Koma nsalu inatukuka pang'ono. Inatsikanso. Inatukukanso.

Panamveka kaphokoso kapansipansi. Krrr. Krrr.

Mtima wa Kabatani unagunda di, di, di. Manja anazizira. Mpweya unkangothera pakhosi. Anafuna kukuwa, koma mawu anakana. Anafuna kuthawa. Koma anakumbukira mwana wopanda chofunda.

Anakhala pansi pakhomo pomwepo. Anakumbukira zimene amayi ankamuphunzitsa mantha akamugwira.

"Koka mpweya ngati ukukoka ulusi wautali," ankatero amayi. "Pang'onopang'ono. Usaudule. Pokoka uziti, Yesu muli nane. Potulutsa uziti, ndigwireni dzanja."

Kabatani anaika dzanja pamimba. Anakoka mpweya. Ulusi unaduka msanga.

Anayesanso.

"Yesu muli nane." Mimba inatukuka.

"Ndigwireni dzanja." Mimba inatsika.

Krrr, krrr, chinatero chidole.

"Yesu muli nane."

"Ndigwireni dzanja."

Anakoka kachitatu. Anakoka kachinayi. Ulusi unatalika. Mtima unayamba kuyenda bwino. Mantha sanathe onse. Koma anachepa.

Kabatani anaimirira. Anayenda phazi limodzi, n'kupuma. Anayenda lina, n'kupuma. Chidole chinali chachitali kuposa iye. Pamene panayenera kukhala mutu panalibe kanthu.

Anagwira chingwe cha chikwama. Pomwepo kanthu kofunda kanamukhudza chala.

Kabatani sanathawe. Anakoka mpweya wautali. Anayang'ana pansi.

Kunsi kwa nsalu kunatuluka mchira. Mchira wakuda, wansonga yoyera.

Anatukula nsalu ija. Pansi pa chidole panali dengu la zidutswa za nsalu. M'dengumo munagona mphaka. Anali ndi tiana titatu, tosatsegula maso. Pambali panali kambale ka mkaka. Kambaleko kanali ka achemwali.

"Ha! Ndiye ndiwe umapumawe?" anatero Kabatani.

Mphaka anangoyasamula. Krrr, krrr.

Kabatani anamusendezera kambale pafupi. Anabwezera nsalu bwinobwino kuti tiana tisazizidwe. Kunja galimoto inaliza hutala. Iye anatsika ndi chikwama, masitepe akulira kwii, kwii, kwii.

"Wachita bwino, mwana wa achimwene," anatero azakhali.

Kabatani anakwera galimoto atakumbatira chikwama.

Pofika kuchipatala, mwana anali atabadwa. Anali wamkazi, wamng'ono kwambiri. Anamwino anamukulunga m'kabulangete kochokera m'chikwama chija. Anamuveka kachipewa kamene amayi anasoka.

Madzulo achemwali anafika, akadali mu yunifolomu. Anaona mwana. Anaona chikwama. Nkhope yawo inasintha.

"Chikwamachi wakatenga ndani?" anafunsa achemwali.

"Kabatani," anatero abambo. "Yekhayekha."

Amayi anamusisita Kabatani kumutu. "Sunaope, mwanangu?"

"Ndinaopa kwambiri, amayi. Koma ndinakoka ulusi."

Kabatani anayang'ana achemwali ake. Za mphaka sananene. Za mutu wa mwana sananene.

Achemwali anayang'ana pansi. Anatsegula pakamwa, koma mawu anakana.

Kabatani anazidziwa zimenezo. Anawagwira dzanja. "Kokani pang'onopang'ono, achemwali. Musaudule."

Achemwali anakoka mpweya. Anautulutsa. Anakokanso. Kenako analankhula mokweza, onse akumva.

"Amayi, ndinabisa mphaka m'chipinda chosokera. Ndinadziwa kuti simulola mphaka pansalu za anthu. Ndiye ndinamunamiza Kabatani kuti chidole chimapuma, kuti asakaone. Ndinamuopseza dala. Kabatani, mng'ono wanga, ndinakulakwira. Chonde ndikhululukire."