Kayendedwe ka Mayi Wofunda Kumutu

Mtembo wa Mainabai anaupeza Lachiwiri m'mawa m'chipinda chake chovaliramo, kuseri kwa holo ya zisudzo ku Poona. Pakhosi panali pomangidwa lamba wa mabelu ovinira. Inisipekita Phadnis anaima pakhomo atavula chipewa. Mayiyu ndiye anali mkazi woyamba kukwera pasiteji m'gulu la zisudzo la pa holoyo, anthu akumugenda ndi kumutchula hule. Tsopano a kanema ku Bombay anali atamuitana.

Apolisi anali atatsekera kale mwamuna wake, Sadashiv, woimba ng'oma, poti dzulo lake anakangana za ulendowo mpaka msewu wonse unamva. Akuluakulu, mukuwadziwa, ankangofuna mlandu uthe. Chingwe chonyongera chinali kudikira Sadashiv.

"Kumulalatira ndinamulalatiradi," anatero Sadashiv akulira. "Koma kupha? Bwana, ndingaphe bwanji wondidyetsa?"

Phadnis anaitana mlonda wa pachipata.

"Analowa ndani dzulo masana?"

"Mwamuna ayi, bwana. Mayi mmodzi basi, atafunda kumutu."

"Nkhope?"

"Sindinaione. Koma kayendedwe, eee! Akazi a masiku ano sayenda choncho. Mpaka ndinakumbuka unyamata wanga."

Pa unyamata wa mlondayo, ndi wa Phadnis yemwe, akazi sankakwera pasiteji. Mafumukazi onse a m'zisudzo anali amuna ovala sari, nsalu ya akazi, ndipo katswiri wawo anali Raghoba, amene akazi a m'tauni ankatengerako kayendedwe.

Anam'peza m'kachipinda kuseri kwa msika, akusoka zovala za gululo. Nkhalambayo inali itameta ndevu bwinobwino, ndipo m'zikope munali mutatsalira utoto wakuda.

"Dzulo munavalanso sari, a Raghoba?"

Singano inaima.

"Mukakhala chete, Sadashiv anyongedwa."

Raghoba anaika nsalu pansi.

"Kam'masuleni, alibe mlandu. Mainabai uja ndinam'phunzitsa ndine, kuyenda, kuponya maso, zonse. Atatenga malo anga sindinanene kanthu. Ndinangofuna akandipemphereko ku kanemako, ndikasewere ngati mayi ake. Ndinavala kuti aone yekha kuti ndikadathabe."

"Anati chiyani?"

"Anaseka, bwana. Akuti, 'Agogo, kamera imaona ndevu.'"

Phadnis anatulutsa unyolo.

"Inu munandionerapo pasiteji?" anafunsa Raghoba.

"Ndinkagona ndi njala kuti ndigule tikiti yanu."

Nkhalambayo inatambasula manja.

"Ndiye mangani pang'onopang'ono. Manjawa mukuwadziwa."