Amene Ankaitana Rosa ku Mabango

Rosa ankafukiza ndowe zouma pakhonde kuti udzudzu uchepe pamene anamva dzina lake likuchokera ku mabango. Dzuwa linali litangolowa, ng'ombe zikubwerera m'makola, koma makoma a nyumba za kwa Mbenje anali akutenthabe ngati uvuni wa njerwa. Mawuwo anali a nkhalamba yachikazi, onjenjemera. Koma Rosa ntchito yake inali kumvetsera, ndipo anadziwa kuti mulibe ukalamba m'menemo, munthu ankachita kuwafinya pakhosi. Sanayankhe. Kamphepo kanabweretsa fungo ngati la waya wopserera, kenako kunangoti zii. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Augustino, ndipo kuyambira tsiku la maliro lomwelo ankaitanidwa chonchi madzulo aliwonse.

Zaka zinayi m'mbuyomo, achinyamata asanu a m'mudzimo anapanga filimu yaitali ya banja lothawa madzi osefukira a Shire. Fatsani ndiye analemba nkhaniyo ndi kutsogolera ntchito yonse. Augustino ankagwira kamera, Humphrey anaika nyimbo za valimba, Rosa ankajambula mawu ndi maikolofoni yomangirira kunsungwi, ndipo Lazaro ankalumikiza zithunzi ndi mawu pa kompyuta yomwe inkazima yokha ikatentha. Anthu ankawaseka, ati ana a uje apenga, akuyendetsa azakhali awo m'matope kuti alire pamaso pa kamera.

Filimu ija inayenda mpaka kunja, oseka aja n'kukhala chete. Komatu mwayi sunawagwere mofanana. Humphrey anayamba kuitanidwa kukaimba ku Maputo ndi ku Joni. Augustino analandira mphoto chifukwa cha zithunzi zake, a makampani a ku Lilongwe n'kumamulimbirana. Rosa analembedwa ntchito pa wailesi ya kanema ku Blantyre. Awiri anatsala kumudzi. Fatsani anabwerera ku ntchito yake yakale yoitana mayina a odula nzimbe m'mamawa, ndipo anzake aja akamatchulidwa pa wailesi ankaseka mokweza, n'kumati amenewo ndi ana ake. Lazaro ankajambula maukwati ndi maliro, ndipo kaduka kake sankakabisa n'komwe. Akamwa kachasu ankalalata pamsika kuti iye anakhala miyezi isanu ndi itatu akuwotcha maso pa kompyuta, lero odya thukuta lake akuyenda pandege.

Zinayamba ndi Humphrey. Anabwera kudzadya Khirisimasi, ndipo madzulo ena anauza mkazi wake kuti wina wamuitana ku mabango, iye n'kuvomera poganiza kuti ndi msodzi. Kutacha zala zake zinali zitatupa ngati chinangwa, osagwira ngakhale supuni. Sanathe masabata awiri. Patapita chaka Augustino anabwera kudzamanga chiliza cha bambo ake, nayenso anavomera. Maso ake anayera ngati a nsomba yophika, madokotala a m'tauni anamuunika ponseponse osapeza kanthu, ndipo anabwerera kwa Mbenje m'bokosi.

Woimba anayamba ndi zala, wa kamera anayamba ndi maso. Nanga pamenepo panafunikanso wina woti amuuze Rosa? Usiku wa maliro ankangodzigwira m'makutu.

Pamjigo ndi padoko dzina linali limodzi basi: Lazaro. Amayi ankati nanga si mwamuona, maliro onse awiri wajambula yekha, maso ali gwa, osagwetsa ndi msozi umodzi. Ena ankati fungo la waya lija ndi la makina ake. Anyamata anamugenda miyala padenga, ndipo panamveka zoti maliro achitatu akangochitika nyumba yake ipsa iye ali momwemo. Fatsani, yemwe analankhula mawu ogwetsa misozi pamanda a Augustino, anafika kwa Rosa atanyamula milamba iwiri yowamba. Anakhala pamkeka n'kupukusa mutu, nati kaduka kamuwononga mnzawo uja, ndipo anamulangiza kuti akamva kuitana asayerekeze kuyankha. Rosa anathokoza, mumtima n'kumati bola achimwene awa alipo.

Tsiku lachinayi dzuwa lisanalowe, Rosa anatenga kamakina kake kojambulira mawu, anakamangirira pabango pafupi ndi madzi, n'kukasiya kakujambula. M'mawa anakatenga. Sanapite nako kwa abusa kapena kwa sing'anga. Ukali unamukwera kuposa mantha, ndipo analunjika kwa Lazaro kuti akamumvetse mawu ake omwe.

Anamupeza akutola miyala pabwalo, ndevu zili nyankhalala. Lazaro sanamulonjere. Anangoti ngati wabwera kudzamutcha mfiti aime pamzere, anthu ake ndi ambiri. Rosa anamuponyera kakhadi ka m'makina kaja.

“Tsegulani. Mudzimve nokha.”

M'chipinda cha Lazaro munkanunkha fumbi ndi thukuta. Kompyuta inachedwa kuyaka. Kenako munamveka achule, phokoso la madzi, mvuu ikufwenthera patali, ndiye mawu aja: Rosa. Kachetechete. Rosa. Anaitana katatu, ulendo uliwonse n'kudikira yankho. Pambuyo pake panamveka kuwomba m'manja kamodzi, phwa, ndi kakutsokomola kakang'ono.

Lazaro anabweza pamenepo. Anabwezanso. Kenako anatembenukira kwa Rosa.

“Rosa, kuwomba uku sukukudziwa?”

“Nkhabe, sindikukudziwa. Ndi kwa ndani?”

Lazaro anatsegula zojambula zakale za filimu ija, zosadula. Popanga filimu kamera imajambula payokha, mawu payokha, ndiye pamafunika phokoso limodzi lakuthwa loti wolumikiza agwirizanitsire ziwirizo. Anzathu olemera ali ndi kathabwa kake, koma awa analibe. Fatsani ankaima kutsogolo kwa kamera n'kuitana, “Augustino?” Uyo ankati ikujambula. “Rosa?” Uyu ankati ndikumva. Akatero Fatsani ankawomba m'manja kamodzi, n'kutsokomola pang'ono asanauze osewera kuti ayambe. Ngakhale wina asayankhe, ankawombabe, manja anali atazolowera. Rosa ankakumva kuwombako akuganiza za mphepo ndi mabatire, koma Lazaro anakhala nako miyezi isanu ndi itatu, kambirimbiri tsiku lililonse. Anaika kwakale ndi kwa ku mabango pamodzi, ndipo mizere yake pa kompyuta inafanana ngati mapasa.

“Ine kaduka ndili nako, sindikana,” anatero Lazaro motsitsa mawu. “Ndimakutukwanani nonse. Koma Fatsaniyu filimu inali yake, Rosa. Mphoto inapita kwa Augustino, pa wailesi amafunsa iwe. Iye amaseka. Unayamba wamva munthu akuseka choncho?”

Rosa anakhala pansi. Anakumbukira mmene Fatsani ankamuimbira foni akaoneka pa kanema, kumufunsa za ofesi yake, za galimoto ya kuntchito, za anthu amene amamupatsa moni, mafunso osatha, iye n'kumayankha zonse mosangalala. Chisoni chinamugwira kuposa mantha, chifukwa munthuyu ndi amene anamuphunzitsa kugwira maikolofoni. Lazaro anamuuza kuti asagonenso m'mudzimo, akwere minibasi ya masana omwewo, zojambulazo akazipereka yekha kwa akuluakulu a mudzi Rosayo atachoka. Chachikulu, asayankhe aliyense womuitana kumbuyo, kaya ndi mayi ake omubereka.

Rosa anatero ndithu. Analongedza chikwama, anatsanzika mwachidule, n'kuyenda wapansi kupita kumsewu dzuwa lili paliwombo. Mayi wina wogulitsa masawu anamuitana, iye osacheuka. Mwamuna wa kabaza anamuitana, iye osacheuka. Pa siteji panali phokoso la masana, makondakitala akulimbirana anthu, wailesi ya m'golosale ikulira, mbuzi yomangidwa miyendo ikulira pansi pa mtengo. Mtima unayamba kutsika. Zoitana zija zinkachitika dzuwa litalowa, ku mabango, ndi mawu a nkhalamba. Pano panali poyera, pa anthu. Minibasi inaima, kondakitala analandira chikwama, Rosa n'kuika phazi limodzi pakhomo.

“Rosa?”

Sanali mawu ofinya pakhosi ayi. Anali mawu a ntchito, achangu, okwera kumapeto, omwe anawamva m'matope a Shire tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, dzuwa likuwathawa, osewera atatopa, aliyense akudikira iye. Pakamwa panayankha pokha mutu usanaganize.

“Ndikumva.”

Anacheuka. Fatsani anali ataima kutsidya kwa msewu atavala malaya ake a kuntchito, akumwetulira monga ankachitira anzake akatchulidwa pa wailesi, manja atawatambasula kutsogolo. Rosa anawaona manjawo akukumana. Anaona kondakitala akumukalipira kuti alowe, mitsempha ya m'khosi itatuluka, anaona mbuzi ija itayasamula kukamwa, koma sanamve kanthu.